Wodwala maganizo safuna mapiritsi okha

Munthu akadwala malungo ku Kawale, aliyense amadziwa chochita. Amamukweza pa kabaza kupita naye kuchipatala, amamuyeza magazi, amalandira LA, pakatha masiku atatu wadzuka. Mayi woyembekezera wa ku Area 25 amadziwa tsiku lake la sikelo, ndipo amene ali pa ma ARV ku Biwi amadziwa khomo lokagogoda mankhwala akatsala pang'ono kutha.

Koma bambo wa ku Mgona akayamba kumva mawu amene ena sakuwamva, osagona usiku, kukana nsima ati mwathiridwa poizoni, banja lonse limasowa mtengo wogwira. Amalume akuti kwa sing'anga, azakhali akuti kuphiri kukapemphera, aneba akuti mumangeni asanavulaze ana. Kuchipatala amakafikako mochedwa, mbuzi itatha, wailesi ndi njinga zitagulitsidwa kale.

Atafikako, amalandira jakisoni ndi mapiritsi, ndipo nthawi zambiri amapezadi bwino. Vuto limayamba akabwerera kunyumba. Palibe womufotokozera chimene chamuchitikira, palibe wophunzitsa mkazi wake mmene angakhalire naye, palibe womuthandiza kubwerera pa ntchito yake ya ukalipentala. Apa ndiye pagona nkhani. Mankhwala ndi theka chabe la chithandizo. Theka linalo ndi uphungu, ndipo uphunguwo uyenera kupezeka kumene anthu amakhala, osati kutali kofuna kusintha minibasi kawiri.

Zomba ndi kutali

Kuyambira nthawi ya atsamunda, Malawi adazolowera kuti wodwala maganizo malo ake ndi ku Zomba. Chipatala cha kumeneko, chomwe chidamangidwa mu 1953, ndicho chachikulu cha boma pa matenda amenewa. Dzina loti Zomba lidasanduka chitonzo, mwakuti ngakhale ana posewera amaopsezana nalo. Kuchokera ku Lilongwe kukafika kumeneko ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 300. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Chinsapo sangakwanitse kumakazonda mwana wake kumeneko sabata ndi sabata.

Mu Lilongwe momwemo, kwa zaka zambiri odwala maganizo akhala akupita nawo ku Bwaila, komwe akale amati ku Bottom. A St John of God, omwe adayamba ntchito yawo ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, nawo adatsegula malo awo ku Area 43. Ogwira ntchito m'malo amenewa amayesetsa, ndipo mabanja ambiri ali ndi chifukwa chowathokozera. Koma kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzinda wa Lilongwe muli anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo chiwerengerochi chakwera kuchokera nthawi imeneyo. Makomo awiri kapena atatu sangakwanire namtindi wotere.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidanena mu 2022 kuti munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse amadwala matenda amene madokotala amawatcha schizophrenia, omwe amachititsa munthu kumva kapena kuona zinthu zomwe palibe ndi kukhulupirira kolimba zinthu zosaona. Powerengera motero, mumzinda wa anthu 1 miliyoni muyenera kukhala odwala otere oposa 3,000. Apa sipadawerengedwe odwala bipolar, omwe nthawi ina amatakasuka mopyola muyezo osagona, nthawi ina n'kugwa mphwayi osafuna kudzuka. Sipadawerengedwe amayi amene mutu umasokonekera akangobereka, kapena amene kukhumudwa kwawafikitsa poganiza zodzipha. Anthu amenewa sali kutali. Ali ku Area 23, ali ku Kawale, ena atsekeredwa kuchipinda kuopa kuti aneba angawaone.

Uphungu si ulaliki

Mawu oti uphungu anthu amawamva mosiyanasiyana. Ena amaganiza za ankhoswe oyanjanitsa banja, ena za abusa olimbikitsa nkhosa, ena za agogo odzudzula mdzukulu wosamva. Zonsezi zili ndi malo ake, koma uphungu wa kuchipatala ndi ntchito ina, yochita kuphunzira, yokhala ndi ndondomeko yake.

Choyamba, wodwala ndi abale ake amaphunzitsidwa za matendawo: dzina lake, mmene amayambira, chifukwa chimene mankhwala sayenera kusiyidwa munthu akangopeza bwino. Odwala ambiri amasiya mankhwala osati chifukwa cha mwano ayi. Mankhwala akale monga chlorpromazine ndi haloperidol, omwe ndiwo amapezeka kawirikawiri m'zipatala za boma, ena amawaumitsa thupi, kuwanjenjemeretsa manja, kuwagonetsa usana, ngakhale kuwafooketsa kuchipinda. Bambo sangaulule zoterezi pamzere wautali, kwa namwino amene ali ndi mphindi zochepa zoti amuone. Amangosiya mankhwala mwakachetechete, ndipo pakapita miyezi matenda amabwerera. Chonsecho mavuto amenewa ali ndi njira zake: kuchepetsa mlingo, kusintha mankhwala kapena kuwonjezera ena ofewetsa thupi. Chofunika ndi munthu wokhala naye pansi n'kumufunsa.

Chachiwiri, banja limaphunzira kuzindikira zizindikiro zoyamba. Matendawa sabwerera ngati mphezi. Amayamba ndi kusagona, kudzipatula, kukwiya msanga, kusiya kusamba. Banja lodziwa zimenezi limathamangira kuchipatala kusanafike pofuna chingwe ndi anyamata anayi amphamvu. Limaphunziranso kuti kumukalipira wodwala tsiku ndi tsiku, kumutchula waulesi, kumukumbutsa zamanyazi zimene adachita atadwala, kumawonjezera mpata woti adwalenso. Kafukufuku wa m'maiko ambiri adatsimikiza kuti mabanja akaphunzitsidwa motere, odwala sabwererabwerera kukagonekedwa.

Chachitatu, wodwalayo amathandizidwa kuthana ndi mavuto ake limodzilimodzi. Ngongole ya kubanki mkhonde, lendi ya miyezi itatu, mkazi amene wathawira kwawo, chamba kapena kachasu amene amathawirako akapanikizika. Wopereka uphungu samupatsa ndalama kapena kumulamula chochita. Amamuthandiza kusankha vuto limodzi, kuganizira njira zotheka, kuyesa imodzi, n'kudzabweranso sabata yotsatira kudzaona ngati zayenda. Zimaoneka zazing'ono, koma kwa munthu amene dziko lonse lamugwera, kuchotsa mwala umodzi ndi chiyambi cha kupuma.

Chifukwa chiyani pafupi?

Mapiritsi munthu angathe kukatenga kamodzi pamwezi. Uphungu umafuna kukumana kangapo, mwina kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira, motsatizana. Wodwala sayenda yekha, amafuna womuperekeza. Ndiye kuti ulendo uliwonse ndi ndalama ya minibasi ya anthu awiri, kupita ndi kubwera, kuphatikizapo ganyu ya tsiku limenelo yomwe yapita padera. Banja lodya zimene lapeza tsiku lomwelo silingapirire zimenezi. Opereka uphungu olipiritsa alipo mumzindawu, koma mitengo yawo ndi ya anthu a malipiro a pamwezi, osati a mlonda wa ku Kanengo kapena mayi wophwanya miyala.

Moyo wa m'tauni nawo uli ndi zake. Kumudzi wodwala amakhala pakati pa abale, wina amamupatsa phala, wina amamuyang'anira. Ku Mgona kapena ku Chinsapo banja limakhala m'chipinda chimodzi kapena ziwiri zalendi, chimbudzi ndi mpopi zogawana ndi mabanja ena. Wodwala akakuwa usiku umodzi, mawa lake alandilodi apereka notisi. Mapeto ake wodwalayo amatumizidwa kumudzi kwa agogo okalamba, komwe kulibe mankhwala ndi omwe. Ena amangotayika, n'kumapezeka akutola zakudya m'mabini kudepoti, anthu n'kumati wamisala sachira. Chikhalirecho ndi munthu amene chithandizo chidamudukira panjira.

Amuna ndiwo ali pachiopsezo china. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka akhala akusonyeza kuti mwa anthu odzipha m'dziko muno, ambiri ndi amuna. Chikhalidwe chidawaphunzitsa kuti mwamuna salira. Mwamuna wotere sangakwere minibasi kupita kumalo amene aliyense amadziwa kuti ndi a odwala misala. Koma chipinda chikanakhala pachipatala chomwecho chimene amakayezetsa BP kapena shuga, akanalowa mosaopa maso a anthu.

Komabe, kungokhala ndi chipatala pafupi sikokwanira ngati ogwira ntchito sadaphunzitsidwe. Kafukufuku amene a Michael Udedi adachita pachipatala chaching'ono cha Matawale ku Zomba, yemwe adasindikizidwa mu 2014, adapeza kuti odwala pafupifupi 30 mwa 100 alionse obwera pachipatalapo adali ndi matenda a kukhumudwa, koma ogwira ntchito sadazindikire ngakhale mmodzi. Munthu amabwera akudandaula mutu, mtima kuthamanga, thupi kuphwanya, n'kubwerera ndi panado kapena mankhwala a malungo.

Zatheka kale

Ofuna kukana amati Malawi ndi dziko losauka, akatswiri a zamaganizo ndi owerengeka. Zoona. Kwa zaka zingapo a Dr Felix Kauye ndiwo adali dokotala yekhayo Mmalawi wa matenda a maganizo m'boma. Lero alipo ena, ndipo sukulu ya ukachenjede ya KUHeS ndi koleji ya St John of God ku Mzuzu zikuphunzitsa madokotala, anamwino ndi opereka uphungu. Koma ngakhale atachuluka kawiri kapena katatu, sangakwanire kukhala pachipatala chilichonse. Kudikira tsiku limenelo ndi kudikira madzi a mphutsi.

Ku Zimbabwe adakumana ndi vuto lomweli. Mu 2006, a Dr Dixon Chibanda adayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench ku Mbare, dera la anthu osauka mumzinda wa Harare lofanana ndi Kawale kapena Biwi. Adaphunzitsa agogo aakazi odzipereka pa ntchito zaumoyo luso lomvetsera ndi kuthandiza munthu kuthetsa mavuto, n'kuwakhazika pa benchi panja pa chipatala. Zotsatira za kafukufuku wake zidatuluka mu 2016: patatha miyezi 6, mwa amene adakhala pa benchi, pafupifupi 14 mwa 100 ndiwo adali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pomwe mwa amene adalandira chithandizo cha masiku onse adali 50 mwa 100. Njira yomweyi idayesedwanso mu Lilongwe ndi a UNC Project, pakati pa anthu amene ali ndi HIV komanso amayi oyembekezera.

Pa matenda aakulu nawonso ntchito ilipo. Akatswiri a KUHeS ndi anzawo a ku Edinburgh adayambitsa ntchito yotchedwa PROMISE m'maboma a Chiradzulu ndi Salima, yophunzitsa alangizi a zaumoyo kuzindikira odwala matenda aakulu a maganizo m'midzi ndi kuwatumiza kuchipatala msanga, mogwirizana ndi asing'anga ndi atsogoleri a mipingo. Ngati izi zikuyesedwa m'midzi ya ku Salima, chikuletsa n'chiyani ku Area 23, komwe nyumba zili khomo ndi khomo?

Phunziro lalikulu kuposa onsewa ndi la Edzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ambiri ankati ma ARV sangatheke m'dziko lopanda madokotala ngati Malawi. Lighthouse idayamba mu 2001 pachipatala chachikulu cha Lilongwe, boma lidayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo mu 2006 Martin Preuss Centre idatsegulidwa ku Bwaila. Pang'ono ndi pang'ono ntchito idatsikira kuzipatala zazing'ono. Anamwino adayamba kupereka mankhwala, anthu wamba adaphunzira uphungu, amene ali ndi kachilombo adakhala aphunzitsi a anzawo. Amene sadabwere tsiku lake amatsatiridwa kunyumba. Dziko limene lidakwanitsa zimenezi silinganene kuti uphungu wa odwala maganizo ndi wosatheka.

Chenjezo

Pali zinthu zitatu zofunika kusamala. Choyamba, benchi si mmalo mwa chipatala. Njira ya ku Harare idapangidwira kukhumudwa ndi nkhawa. Munthu amene akumva mawu, amene sakudziwa komwe ali, kapena amene akufuna kudzipha, ayenera kuonedwa ndi namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo ndi kulandira mankhwala. Uphungu umayenda pambali pa mankhwala, ndipo wopereka uphungu wamba ayenera kukhala ndi katswiri womuyang'anira amene angamuimbire foni zikavuta. Mankhwalawonso asamasowe, chifukwa palibe mawu okoma amene angalowe mmalo mwa jakisoni wa pamwezi amene wodwala wamupeza atatha.

Chachiwiri ndi chinsinsi. M'makwalala mwathinana ngati mwa Chinsapo, nkhani imayenda kuposa moto wolusa. Wopereka uphungu mmodzi akangoulula za wodwala pachigayo kapena pamaliro, ntchito yonse yafa. Oterewa asankhidwe mosamala, aphunzitsidwe, ndipo azilandira kangachepe. Kudalira anthu ongodzipereka mpaka kalekale ndi kudzinamiza, nawonso ali ndi ana ofuna kudya.

Chachitatu, ntchito zambiri zabwino zoterezi zakhala zikuyenda ndi ndalama za kafukufuku kapena za mabungwe akunja. Ndalamazo zikatha, chipinda chimatsekedwa ndipo odwala amabwerera pomwe adali. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Malipoti akhala akusonyeza kuti pa K100 iliyonse ya bajeti ya zaumoyo, yopita ku matenda a maganizo ndi pafupifupi K1. Kwa zaka zoposa 70 dziko lidayendera lamulo la atsamunda la 1948, lomwe maso ake adali pa kutsekera odwala. Mu 2025 aphungu a Nyumba ya Malamulo adavomereza lamulo latsopano loika patsogolo ufulu wa wodwala. Ichi ndi chinthu chabwino, koma lamulo lopanda ndalama ndi pepala chabe.

Zoyenera kuchitika

Zofunikazo si nyumba zosanja. Chipatala chilichonse chaching'ono cha mumzinda, kuyambira ku Kawale, Area 18 ndi Area 25, chikhale ndi chipinda chokhala ndi chitseko chotsekeka, ndi tsiku lodziwika pa sabata limene namwino wa matenda a maganizo ndi wopereka uphungu amapezeka osalephera. Anamwino amene adaphunzira ntchitoyi asamangokankhidwira kumateniti kapena kumawodi ena n'kusiya luso lawo likuchita dzimbiri. Madera amene chipatala cha boma chili patali azifikiridwa ndi gulu loyendayenda, ngati mmene imayendera sikelo ya ana.

Alangizi a zaumoyo, omwe amayenda kale khomo ndi khomo pa nkhani za katemera ndi kolera, aphunzitsidwe kuzindikira zizindikiro ndi kutsatira wodwala amene sadabwere tsiku lake. Odwala amene adapeza bwino ndi owasamalira akhale ndi magulu awo okumana pamwezi. Bungwe lawo la MeHUCA lilipo kale, chofunika ndi kulilimbikitsa kuti lifike m'madera onse. Mawu a munthu amene adadutsamo, lero akusoka zovala kapena akuyendetsa okala yake, amalimbikitsa kuposa chikwangwani chilichonse.

Mipingo ndi mizikiti nayo ili ndi gawo. Amayi a mvano, a miphakati ndi a dawa amadziwa nyumba iliyonse imene muli matenda. Maholo awo amakhala opanda anthu pakati pa sabata, ndipo angathe kukhala malo okumanira magulu. Pemphero ndi chipatala sizilimbana. Cholakwika ndi kuuza wodwala kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, kumumanga unyolo, kapena kumusalitsa kudya masiku ambiri ati pochotsa ziwanda. Asing'anga nawo, popeza ambiri amayambira kwa iwo, akhale oyamba kunena kuti uyu pitani naye kuchipatala. Mafumu a m'tauni ndi makhansala aletse mchitidwe wothamangitsa mabanja m'nyumba zalendi chifukwa cha matenda, komanso wogenda ndi kujambula odwala n'kumawaseka pa WhatsApp.

Kwa mabanja amene ali ndi wodwala lero, asadikire kuti zonsezi zikonzeke. Apite naye kuchipatala chapafupi ndi kufotokoza zonse mosabisa, kuphatikizapo za mowa ndi chamba. Afunse dzina la matenda, dzina la mankhwala, zovuta zimene mankhwalawo angabweretse, ndiponso ngati pali wopereka uphungu kapena gulu limene angalowe. Wodwala akayamba kulankhula zodzipha, asazitenge ngati nthabwala kapena kuopseza chabe. Asamusiye yekha, achotse zingwe, mankhwala a mbewu ndi a makoswe, ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Womusamalira naye amatopa, abale azilandirana, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Chaka chilichonse pa 10 Okutobala akuluakulu amavala malaya a mtundu umodzi, kuguba ndi kulankhula zokoma pokumbukira tsiku la umoyo wa maganizo. Tsikulo likadutsa, mayi wa ku Chinsapo amatsalabe yekha ndi mwana wake wotsekeredwa kuchipinda. Chimene akufuna si malonjezo ena, koma khomo lapafupi loti akagogoda apeze munthu womumvera, mwezi uno ndi mwezi wamawa. Matenda a maganizo sasankha wophunzira kapena wosaphunzira, wa ku Area 10 kapena wa ku Mgona. Amene ali ndi mphamvu zogawa ndalama za boma akumbukire kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.